Opaleshoni ya fupa lotukuka pa chala chachikulu cha kuphazi: mmene ndinachitidwira ndi mmene ndinachilira

Phazi langa lamanja ndinatengera amayi anga. Iwowo, amene tsopano adutsa zaka 80, chala chawo chachikulu chinapendekeka mpaka kukwera pamwamba pa chinzake, ndipo patsinde pake pali fupa lotukuka ngati kambatata, koma popeza moyo wawo wonse akhala akuyenda ndi patapata kapena opanda nsapato n'komwe, sanaonepo kuti ndi vuto loti munthu n'kupita nalo kuchipatala. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale ku Zomba, ndipo ntchito yanga ndi yoimirira pa bolodi kuyambira m'mawa mpaka masana nditavala nsapato zotseka. N'chifukwa chake phazi lomwelo limene amayi anakalamba nalo mwamtendere, ine linayamba kundisowetsa tulo ndisanakwanitse zaka 50.

Poyamba kunali kungofiira kwa khungu pamene nsapato imakhudza fupalo, ndipo ndikavula madzulo ululu unkazirala. Patapita zaka zingapo, ululu unalowa mkati mwa mfundo yeniyeniyo, kuphazi khungu linauma n'kukhuthala pansi pa chala chachiwiri, ndipo ndinayamba kuyenda mopondera m'mbali mpaka bondo nalonso linayamba kudandaula. Anzanga kusukulu ankati ndi gauti, ndisiye nyama. Mayi wina wa kumpingo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwina ndinaponda mankhwala panjira. Gauti ndi matenda enieni ndithu, ndipo amakondadi mfundo yomweyi, koma amabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri usiku, mfundo n'kutentha ndi kutupa kwa masiku angapo kenako n'kuleka. Langali linali vuto lokula pang'onopang'ono losabwerera m'mbuyo, ndipo atandiyeza magazi gauti sanamupeze.

Amene anandifotokozera bwino koyamba anali kiliniko ofesala wa mafupa, ndipo anachita kujambula pa buku langa la kuchipatala. Anati vutoli azachipatala amalitchula kuti bunion kapena hallux valgus, ndipo chotukukacho si chotupa chomera pafupa monga mmene ambiri timaganizira. Fupa lalitali la m'phazi limene limagwira chala chachikulu ndilo limasuntha kulowera kumbali ya phazi linalo, chala n'kupendekekera kwa zinzake, ndiye chimene timaona chitatukuka ndi mutu wa fupa losunthalo. Vutoli limayenda m'magazi a kubanja, limagwira akazi kwambiri kuposa amuna, ndipo nsapato zothina ndi zosongoka zimalikulitsa ngakhale kuti si nthawi zonse pamene zimaliyambitsa. Anandituma kukajambulitsa X-ray nditaimirira, popeza phazi likasenza thupi m'pamene kupendekeka kwake kumaoneka bwino. Pa chala chabwinobwino kupendekekako sikupitirira madigiri 15. Changa chinali pa 34.

Sindinathamangire mpeni. Kwa zaka ziwiri ndinayesa zonse zimene anandilangiza: nsapato zotambasuka kutsogolo ndi zopanda chidendene chachitali, kamphira kofewa koika pakati pa zala, kathonje kotchinjiriza fupalo, panado ndi bulufeni pa masiku ovuta. Wosoka nsapato wa pamsika anandifutukulira mapeyala awiri pamalo a fupalo. Zinthu zimenezi zimachepetsa ululu, ndipo kwa anthu ambiri zimakwanira moyo wonse, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimawongola fupa. Ndikunena zimenezi chifukwa pa intaneti pamatsatsidwa timalamba tomanga chala usiku ndi malonjezo akuti tiwongola phazi popanda opaleshoni. Ine ndinagula kamodzi, ndipo chala chinkabwerera pomwe chinali ndikangokamasula m'mawa.

Dokotala wa mafupa amene ndinakumana naye ku Blantyre anandifunsa funso limodzi asanayang'ane n'komwe chithunzi cha X-ray. Anati, "Mayi, mwabwera chifukwa phazi likuoneka moipa, kapena chifukwa likukulepheretsani kuchita zinthu?" Nditamuuza kuti ndinasiya kuyenda wapansi kupita kusukulu, mtunda wosakwana makilomita awiri, ndipo ndikuphunzitsa nditakhala pansi, anagwedeza mutu n'kunena kuti tsopano tingathe kukambirana. Anandiuza mosabisa kuti opaleshoniyi sachita pofuna kukongoletsa phazi, chifukwa ili ndi zovuta zake: chala chikhoza kuuma osapindika ngati kale, khungu la pafupi ndi chipsera likhoza kuchita dzanzi, bala likhoza kulowa tizilombo, magazi akhoza kuundana m'mitsempha ya m'katumba, ululu ukhoza kusamukira pansi pa zala zinazo, ndipo kwa ena chala chimadzapendekekanso patapita zaka. Ananditsimikiziranso kuti sindidzavala nsapato zosongoka ngakhale zonse zitayenda bwino. Munthu amene phazi lake n'lopindika koma silipweteka, malangizo anga ndi akuti alisiye monga anachitira amayi anga.

M'zipatala zikuluzikulu za boma monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene tsopano kulinso chipatala chapadera cha mafupa ndi ubongo cha LION, madokotala a mafupa alipo, koma aliyense amene analowapo m'wodi ya mafupa akudziwa kuti mabedi amadzaza ndi anthu othyoka pa ngozi za galimoto ndi za njinga zamoto za kabaza. N'zomveka kuti munthu wothyoka ntchafu ayambe ndiye kuthandizidwa, wa chala chopindika adikire. Ine ndi abambo akunyumba tinagwirizana zosonkhanitsa ndalama kwa chaka chathunthu n'kupita kolipira. Amene angatsate njira imeneyi afunsiretu mtengo wa zonse pamodzi, kuphatikizapo zitsulo zoika m'fupa, nsapato yapadera, ndodo zoyendera, ma X-ray a pambuyo pake ndi maulendo okaonana ndi dokotala, ndipo amene ali pa sikimu ya zaumoyo monga MASM afunse kaye ngati opaleshoniyi ili m'gulu la zimene amalipiriridwa. Ife tinawerengera opaleshoni yokha, n'kuiwala kuti ulendo uliwonse wa ku Blantyre udzafunika galimoto yahayala, popeza phazi lomangidwa silingapanikizidwe m'minibasi.

Ndinasankha kumapeto kwa Julayi pa zifukwa ziwiri. Sukulu zinali zitatsekera tchuthi chachitali, komanso inali nyengo yopanda mvula ndi yozizirirapo. Bandeji ya opaleshoniyi siyenera kunyowa ngakhale pang'ono, ndipo sindikuona mmene munthu wokhala kumene kuli matope ngati kwathu angaisungire youma mu Januwale. Asanandilembe tsiku anandiyeza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi, n'kundifunsa ngati ndimasuta fodya, chifukwa shuga wokwera amachedwetsa kupola kwa bala ndipo fodya amachedwetsa kulumikizana kwa fupa.

Za tsiku la opaleshoni sindichulukitsa, chifukwa ndilo linali gawo lophweka pa ulendo wonsewu. Ndinasiya kudya pakati pa usiku, m'mawa dokotala analemba chizindikiro pa mwendo wamanja nditatsimikiza ndekha kuti ndi womwewo, ndipo kuthiyeta anandibaya jekeseni wapamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, wonga amene amabaya amayi obereka kudzera pa opaleshoni. Ndinali maso nthawi yonse, nsalu itatchinga kuti ndisaone. Ndinamva kamacheka kamagetsi kakulira ngati makina ometera tsitsi, koma ululu sindinaumve. Anadula fupa lija motalika m'maonekedwe a chilembo cha Z, njira imene amaitchula kuti scarf osteotomy, n'kulikankhira m'malo mwake, n'kulimanga ndi timisomali tiwiri tachitsulo timene ndili nato mpaka lero. Zonse zinatenga ngati ola limodzi, ndinagona usiku umodzi, m'mawa mwake wa mafizo anandiphunzitsa kuyenda ndi ndodo mopondera chidendene m'nsapato yapadera ya pansi polimba, ndipo ananditulutsa.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunachitika usiku wa tsiku limene ndinafika kunyumba. Anali atandibayanso mankhwala a dzanzi mozungulira phazi, ndipo popeza sindinkamva chilichonse ndinaganiza kuti ndine wolimba, mapiritsi ndinawasiya pa tebulo. Cha m'ma 2 koloko usiku dzanzi linatha, phazi linayamba kugunda ngati muli mtima wachiwiri, ndipo panatenga maola angapo kuti mapiritsi awupeze ululuwo. Namwino anali atandiuza kuti ndizimwa pa nthawi yake osadikira ululu, ine ndi amene sindinamve. Masiku atatu oyamba ndiwo owawa kwambiri, kenako zimayamba kutsika. Mapiritsi amphamvu aja amamanganso m'mimba, choncho papaya, masamba ndi madzi ambiri zikhale pafupi.

Lamulo la masabata awiri oyamba ndi limodzi lokha, phazi likhale m'mwamba kuposa chiuno pafupifupi nthawi zonse, munthu n'kumatsika pabedi popita kuchimbudzi basi. Ndikangolitsitsa pansi, magazi ankathamangira kuzala, zala n'kuda bii, ndipo pasanathe mphindi zisanu bandeji inkayamba kuthina. Ndinkagona chagada mwendo uli pa mapilo atatu. Bulangete la mu Julayi linkalemera pachala mpaka kundidzutsa, ndiye abambo akunyumba anadula katoni ya sopo mbali imodzi n'kuivundikira paphazi pansi pa bulangete, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kugona. Posamba ndinkakhala pa kampando, mwendo uli pa ndowa yovundikira, phazi litakulungidwa m'jumbo yomangidwa ndi kansalu pansi pa bondo, n'kumadzipukuta ndi kathawulo m'malo modzithira madzi. Bandejiyo ndi yaikulu ndipo imayabwitsa, koma sangomangira kuphimba bala, imagwiranso chala kuti chikhale chowongoka pamene minofu ikupola, motero munthu asaimasule yekha kunyumba.

Chimene palibe anandichenjeza, ndipo ndikufuna kuchinena poyera ngakhale n'chochititsa manyazi, ndi chimbudzi. Kwathu tili ndi chimbudzi chokumba panja, ndipo munthu akanjuta kulemera kwa thupi lonse kumapita kutsogolo kwa phazi, chala chachikulu n'kupindika kwambiri, zimene ndi zoletsedwa kwa munthu wodulidwa fupa limeneli. Ndinazindikira zimenezi nditaima kale pakhomo pa chimbudzi ndi ndodo ziwiri m'khwapa. Tsiku limenelo tinapulumukira ndowa ya m'chipinda, ndipo m'mawa mwake kalipentala anaboola mpando wathabwa wakale n'kuulimbitsa miyendo kuti tiziuika pamwamba pa dzenje. Njira ya kuchimbudziko anaisalaza ndi khasu n'kuchotsa miyala. Amene akukonzekera opaleshoniyi akonzeretu mpando umenewu asananyamuke, achotsenso mikeka ndi timakapeti toterera m'nyumba, ndipo tochi azigona nayo pafupi, chifukwa magetsi akazima munthu wa ndodo ali pakati pa chipinda, kugwa sikuchedwa.

Pamafunikanso munthu wa pakhomo wa tsiku lonse, osati wongozonda. Kwa ine anabwera mwana wa achemwali anga amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Kuphika pa mbaula, kutunga madzi, kuchapa ndi kusesa, zonse zinali m'manja mwake, ndipo ndiyenera kuvomera kuti kwa mayi wozolowera kuyendetsa pakhomo pake, kugona n'kumamva nsima ikuvundulidwa ndi wina kunandipweteka mtima kuposa bala. Tsiku lina anandipeza kukhitchini ndikusenda anyezi nditaima ndi mwendo umodzi, ndipo anangondilanda mpeni n'kunena kuti, "Mayi aang'ono, mukafuna kubwerera kuthiyeta mundiuze ndikuperekezeni." Ndinabwerera kukagona ndisanayankhe.

Patatha masabata awiri anachotsa ulusi. Phazi nditaliona koyamba ndinachita mantha, linali lotupa, lachikasu ndi lakuda malo ena, khungu likusupuka, koma chala chinali chowongoka mmene sindinachionere kwa zaka zoposa 20. Dokotala anati bala lapola bwino, ndipitirize kusamala. Mawu akuti lapola bwino ndi amene ndinawasunga, enawo ndinawasiya m'chipinda momwemo.

Pa tsiku la 18 kunagwa maliro kwa oyandikana nawo nyumba, mayi amene tinakhala limodzi zaka zambiri. Aliyense wokulira kuno akudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi, munthu safuna kudzatchedwa wosayenda maliro, ndipo ndinadziuza kuti ndi pafupi, ndikangopepesa n'kubwerako. Ndinayenda ndi ndodo zanga pa fumbi, ndinalowa m'nyumba ya siwa, ndipo popeza sikukanaoneka bwino kuti ndikhale pampando amayi anzanga ali pamphasa, ndinakhala pansi. Pokhala ndi podzuka pomwe ndinapondera kutsogolo kwa phazi. Ndinakhalako maola anayi mwendo uli pansi. Madzulo ake phazi linatupa mpaka zingwe za nsapato ija zinalephera kukumana, ndipo patapita masiku awiri kumapeto kwa bala kunatseguka pang'ono n'kuyamba kutuluka madzi, khungu lozungulira litafiira ndi kutentha. Tinabwerera ku Blantyre mwachangu. Mwamwayi X-ray inaonetsa kuti fupa silinasunthe, koma ndinapatsidwa mankhwala opha tizilombo a sabata yathunthu, bala linkatsukidwa pakadutsa masiku awiri aliwonse, ndipo ndinabwezedwa pabedi masiku ena khumi. Dokotala sanakalipe, anangoti, "Mayi, khungu limapola m'masabata awiri, koma fupa limafuna asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndipo silidziwa za maliro." Anamfedwawo, nditawatumizira uthenga pambuyo pake, anadandaula kuti ndinavutikiranji kubwera pamene mudzi wonse unkadziwa za mwendo wanga. Ndikanatha kutumiza abambo akunyumba ndi chipepeso, ine n'kudzapita mwezi wotsatira.

Pa ulendo umenewo namwino anandibwerezera zizindikiro zimene munthu sayenera kugona nazo kunyumba, ndipo ndinazilemba kuchikuto kwa buku langa: bala lotuluka mafinya kapena fungo, kufiira kofalikira, kutentha thupi, ululu wokulirakulira m'malo mochepa, zala zozizira zosabwerera mtundu wake ngakhale mwendo uli m'mwamba, katumba wotupa ndi wopweteka, komanso kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Ziwiri zomalizirazo zikhoza kutanthauza kuti magazi aundana, ndipo n'zofunika kuthamangira kuchipatala chilichonse chapafupi nthawi yomweyo. Pofuna kupewa zimenezi ndinkagwedeza kakolo m'mwamba ndi pansi ndi kupinda bondo kangapo pa ola lililonse ndili chigonere.

Nsapato yapadera ija ndinaivala masabata asanu ndi awiri, kuphatikizapo sabata imodzi yowonjezera chifukwa cha maliro aja. Popeza ndi yaitali kuposa nsapato wamba, munthu amayenda mopendekeka, ndipo chiuno ndi msana zinayamba kundiwawa mpaka wa mafizo anandiuza kuti kuphazi linalo ndizivala nsapato ya pansi pokhuthala m'malo mwa patapata. X-ray itaonetsa kuti fupa lagwirana, anandilola kuyamba kuponda phazi lonse. Ndinkayembekezera kuti tsiku limenelo ndidzavala nsapato zanga n'kuyenda ngati kale, koma panalibe ngakhale imodzi imene inalowa. Ndinatuma mwana uja pa kaunjika kukagula nsapato zamasewera zachimuna zazingwe, zokulirapo ndi masaizi awiri, ndipo ndi zimene ndinapita nazo kusukulu ndi kutchalitchi komwe kwa miyezi inayi, anthu akuyang'ana kumapazi.

Mafizo ndiwo ntchito imene ambiri amaithawa, ndipo ndi imene imaweruza ngati chala chidzapindikenso. Kangapo pa tsiku ndinkagwira phazi ndi dzanja limodzi patsinde pa chala, ndi dzanja linalo n'kukankhira chala m'mwamba mpaka pamene chayamba kukoka, kuwerenga mpaka khumi, kenako n'kuchikankhira pansi. Pambuyo pake anandiwonjezera kukoka kathawulo ndi zala, kutola timiyala, ndi kunyamuka pa zala nditagwira khoma. Chipsera ndinkachisisita ndi Vaseline bala litatsekeratu kuti chifewe. Kumawawa, ndipo masiku ena ndinkazemba, koma ndinali ndi chifukwa changa cholimbikira: mayi wa kuno amagwada popereka moni kwa akuluakulu, popereka madzi ndi popemphera, ndipo pogwada chala chachikulu chimapindikira m'mwamba kotheratu. Ulendo woyamba umene ndinapita kwa apongozi anga mu Okutobala ndinalephera kugwada, ndinangowerama n'kupepesa. Pofika Isitala ndinkagwada, ngakhale kuti mpaka lero phazi lamanja ndimaligoneka chammbali.

Kusukulu ndinabwerera patatha masabata khumi, teremu itayamba kale, nditapereka kalata ya dokotala kwa ahedi. Anandipatsa kalasi yapafupi ndi ofesi, ndipo pansi pa tebulo ndinaika kabenchi koikapo mwendo ana akamalemba. Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi amabwerera msanga kuposa pamenepa, koma wogulitsa pamsika, namwino, mlimi kapena aliyense woima tsiku lonse awerengere miyezi iwiri kapena itatu, ndipo woyendetsa galimoto amene wachitidwa phazi lamanja asagwire chiwongolero kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi, mpaka atatha kuponda buleki mwamphamvu popanda ululu. Kutupa ndiko kunandiyesa mtima kwambiri. M'mawa phazi linkadzuka labwinobwino, koma pofika poweruka, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, linkafufuma ngati mandasi, ndipo kangapo ndinaganiza kuti opaleshoni yalephereka. Dokotala anandiuza kuti kutupa kwa madzulo kumatha kupitirira miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, ndipo kwa ine kunathadi cha m'mwezi wachisanu ndi chinayi.

Tsopano padutsa chaka ndi theka. Ndikuyendanso wapansi kupita kusukulu, ululu wa m'mfundo uja unatha, ndipo khungu lokhuthala la kuphazi linasupuka lokha. Chala sichipindika mofanana ndi chinzake cha kumanzere, pamwamba pake pali kamalo kadzanzi kukula ngati ndalama yachitsulo, ndipo m'mawa wa mu Juni kukazizira ndimamva kukoka pamene pali timisomali. Nsapato zosongoka zonse ndinagawa. Ndikafuna zatsopano ndimapita kumsika madzulo phazi litafutukuka, nditatenga pepala limene ndinajambulapo phazi langa nditaimirira, ndipo nsapato imene pansi pake sipaphimba chojambulacho sindiiyesa n'komwe.

Phazi lamanzere nalonso layamba kupendekeka, ndipo pa X-ray yomaliza linali pa madigiri 22, koma silipweteka, choncho ine ndi dokotala tinagwirizana zolisiya. Amayi anga nditawaonetsa lamanja lija, analitembenuza uku ndi uku, anasisita chipsera ndi chala chawo, kenako anatambasula phazi lawo pafupi ndi langa n'kufunsa kuti, "Ndiye iwe, zitsulozo akadzazifuna eni ake udzachita kubweza?"